Chiyambe chauluka chokha chisananyamule munthu

Dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri a Nyika, mdima sumachedwa pa Uliwa. Magolosale a m'mbali mwa msewu wa M1 amayatsa magetsi, akabaza amaunjikana pa mphambano yolowera ku doko la Chilumba, ndipo ukatsetserekera kunyanja umapeza asodzi a usipa akukankhira kale mabwato m'madzi. Pasanathe ola, nyali zawo zimandandalika patali ngati mudzi woyandama, mapiri a ku Tanzania atazimiririka kuseri kwake.

Madzulo ena a mwezi wa Juni, mwera utapumako, ndinali pamchenga pamenepo ndi mwana wa mchemwali wanga. Anandikoka malaya nkundilozera kumwamba. Nyenyezi ina inkayenda. Sinkaphethira ngati ndege, sinkathothoka ngati nyenyezi zogwa zija, inkangodutsa mwakachetechete pakati pa zinzake mpaka inazimirira cha kum'mawa. Inali setilaiti. Kuno pansi kukhala kutada, koma kumtunda kumene zinthuzi zimayenda dzuwa limakhala likuwalabe, ndiye zimanyezimira. Masiku ano zachuluka zedi, ndipo zina mwa izo, za Starlink, zakhala zikutumiza intaneti m'Malawi muno kuyambira 2023.

Mwanayo sanafunse kuti chinthucho chinakwera bwanji. Iye anafuna kudziwa ngati muli munthu. Ndinamuuza kuti pafupifupi zonse zimene timaziona zikudutsa zimayenda zokha. Funso lakelo landikhala m'mutu mpaka lero, chifukwa ndi lomwe linkawasowetsa tulo akatswiri amene anayamba kuponya zombo kumwamba zaka 60 ndi kuposerapo zapitazo. Kodi chombo chimayenera kunyamula munthu chikafika pati? Nanga amene amalamula kuti tsopano chakwana ndani?

Anthu a kunyanja kuno yankho lake amalidziwa kuyambira kalekale. Mmisiri akamaliza kusema bwato sakwezamo banja lake tsiku lomwelo. Amalikankhira pamadzi osaya nkulisiya liyandame, iye akuyang'anitsitsa ngati likupendekera mbali imodzi kapena ngati pena pakulowa madzi. Likapendekeka amalikokera kumtunda nkusemanso. Pochucha amamatapo phula. Kenako amakwera yekha, nkupalasa kufupi ndi gombe kumene angathe kusambira zinthu zitavuta. Kukatikati kwa nyanja bwatolo limapita pambuyo pake. Palibe amene amamuseka mmisiri chifukwa bwato lake lapendekeka tsiku loyamba, poti ntchito ya tsikulo ndi yomweyo, yofufuza popendekera.

Chimene chimachitika mayeso enieni akamachitika anthu ali m'kati, nyanja yomweyi inatisonyeza. Kummwera kwa Uliwa, moyang'anana ndi Chitimba, pansi pa madzi pagona sitima ya MV Vipya. Inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland, inabwera zidutswazidutswa nkulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inali itangoyamba kumene kunyamula anthu. Pa 30 Julayi 1946 inanyamuka ku Mbamba Bay kulowera tsidya lino, nthawi imene Chilumba ankatchedwa Deep Bay ndipo Chitimba ankatchedwa Florence Bay. Munali anthu 194. Mwera unaipeza panjira, mafunde anaigubuduza, ndipo anthu 145 anamira nayo. Olemba mbiri ya nyanjayi amatchula ukali wa mphepo ya tsikulo, komanso amatchula kapangidwe ka sitimayo, kuti inali yolemera kumtunda. Chilema chimenecho chinadziwika bwinobwino pamene panalibenso mpata wochikonza. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951 nkumafika mpaka pa Chilumba, inabwera kudzatseka dzenje limene Vipya inasiya.

Ulendo wa masentimita 10

Kumwamba kumene tikunena kuno si kutali monga timaganizira. Akatswiri ambiri amati mlengalenga umayamba pa makilomita 100 kuchoka pansi, ndipo kuchoka pa Uliwa kukafika ku Mzuzu n'kutali kuposa pamenepo. Chovuta ndi liwiro. Kuti chinthu chizizungulira dziko osagwa, chiyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, liwiro lochoka ku Chitipa nkukafika ku Nsanje m'mphindi ziwiri zokha. Pofuna liwiro lotere, roketi imakhala thanki yamafuta kuyambira kumutu mpaka kumchira: pa magawo khumi a kulemera kwake, pafupifupi asanu ndi anayi ndi mafuta ndi mpweya woyatsira mafutawo. Wokwera amakhala pamwamba pa moto wosungidwa. Kawaya kamodzi kakalakwika, zonse zimayaka.

N'chifukwa chake maulendo oyamba anali a zombo zopanda munthu, ndipo ambiri anali olephera. Dziko la Soviet Union litaponya Sputnik pa 4 Okutobala 1957, Amereka inafulumira kuti iyankhe. Pa 6 Disembala chaka chomwecho, atolankhani ali pomwepo ndi makamera, roketi ya Vanguard inanyamuka mita imodzi ndi pang'ono, inabwerera pansi nkuphulika. Nyuzipepala za padziko lonse zinaseka. Sputnik nayo sinangotulukira: roketi ya R-7 imene inainyamula inali italephera kangapo kuyambira mu Meyi 1957, kungoti kwawoko zolephera ankazibisa.

Ulendo umene ine ndimaukonda kwambiri ndi wa pa 21 Novembala 1960 ku Cape Canaveral. Tsikulo ankayesa roketi ya Redstone itasenza chombo cha Mercury, chija chinkayenera kudzanyamula Mmereka woyamba. Munalibe munthu. Injini inayaka, utsi unakwera, roketi inanyamuka masentimita 10 okha, kutalika kwa chala ndi pang'ono, kenako injini inazima ndipo roketiyo inakhalanso pansi pomwe inali. Chombo cha pamwamba, potsatira malamulo amene anachiikira, chinayesa kuti ulendo wafika kumapeto. Chinataya kansanja kake kopulumutsira, kamene kanauluka kokha nkukagwa chapatali, kenako chinatulutsa maparachuti amene analendewera m'mbali mwa roketi yodzaza mafuta. Mphepo ikanangowadzaza, akanaigwetsa. Palibe amene akanayandikira. Akatswiri anaganiza zosachita kanthu, anadikira mpaka m'mawa mwake kuti mabatire athe mphamvu.

Atafufuza anapeza kuti vuto linali mawaya awiri olumikiza roketi ndi pansi. Ankayenera kuzuka motsatana, wina patsogolo wina pambuyo, koma mmodzi anali wautali kuposa muyeso, choncho anazuka mosemphana. Kusiyana kwake kunali kochepa kuposa kuphethira kwa diso, koma kunakwanira kutumiza magetsi olakwika amene anazimitsa injini. Anawonjezera kawaya kena kamodzi. Pa 19 Disembala chombo chomwecho chinauluka bwinobwino pa roketi ina. Taganizirani, owerenga, kuti m'chombomo tsiku lija mukanakhala bambo wa ana, atatsekeredwa pamwamba pa thanki yamoto usiku wonse. Vuto la kawaya kameneka silikanaoneka papepala ngakhale akatswiri akanawerengera chaka chathunthu. Linaoneka chifukwa anayatsa injini.

Tikamati zombozi zinali zopanda munthu tisaiwale kuti zambiri zinali ndi moyo m'kati. Galu uja Laika anakwezedwa pa 3 Novembala 1957 m'chombo chimene chinalibe njira yobwerera, ndipo anafa ndi kutentha patangopita maola ochepa, zimene zinaululidwa poyera mu 2002. Agalu ena awiri anafa roketi itaphulika pa 28 Julayi 1960. Belka ndi Strelka anapita pa 19 Ogasiti nkubwerako amoyo, koma anzawo awiri a pa 1 Disembala sanabwerere. Mu Malichi 1961 a Soviet anakweza kawiri chidole chachikulu ngati munthu, chimene anachitcha Ivan Ivanovich, atachiveka zovala zonse za woyenda m'mlengalenga. Kumaso kwake anaikako chikwangwani chonena kuti ichi n'chidole, poopa kuti anthu a kumudzi akachitola m'munda angayese ndi mtembo. Pa maulendo asanu ndi awiri oyesa chombo cha Vostok, atatu okha ndi amene anayenda bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma awiri omaliza anali m'gulu la atatuwo. Yuri Gagarin anakwera pa 12 Epulo 1961 nkubwerako wamoyo.

Amereka nayo inali ndi nyani wake wamkulu wa mtundu wa chimpanzi, dzina lake Ham, wobadwira m'nkhalango za ku Cameroon. Anauluka pa 31 Januwale 1961. Roketi inathamanga kuposa muyeso, inamukweza kutali kuposa mmene anakonzera, ndipo chombo chitagwera m'nyanja chinayamba kulowa madzi. Ham anapulumuka. Ambiri ankati basi, munthu akwere. Wernher von Braun, mkulu wa opanga roketiyo, anakana, nkulamula kuti ayesenso kamodzi popanda munthu. Anayesadi pa 24 Malichi ndipo zinayenda bwino, koma kuchedwa kumeneko kunapatsa mpata Gagarin, moti Alan Shepard anakwera pa 5 Meyi mpikisano utatha kale. Von Braun si munthu woti tizimutamanda mwachisawawa, pakuti roketi yake yakale, V-2, inali chida cha Hitler chopangidwa ndi akaidi amene zikwizikwi anafera pantchitoyo. Koma pa nkhani ya Malichi 1961 ananena zoona, ndipo Shepard anakhala ndi moyo mpaka anakaponda pa mwezi mu 1971.

Kuthamanga si kufika, anatero akuluakulu, ndipo a Soviet anaiwala zimenezi patangopita zaka zisanu ndi chimodzi. Chombo chawo chatsopano, Soyuz, chinayesedwa katatu popanda munthu. Choyamba, mu Novembala 1966, chinataya mafuta owongolera nkusochera. Chachiwiri chinaphulika chisananyamuke pa 14 Disembala. Chachitatu, mu Febuluwale 1967, chinabooka pansi ndi kutentha pobwerera, nkukamira m'nyanja ya Aral. Katatu konse chombo chinanena poyera kuti sichinakonzeke. Koma chaka cha 1967 chinali chokumbukira zaka 50 za ulamuliro wa chikomyunizimu, ndipo akuluakulu a ndale ankafuna chionetsero. Pa 23 Epulo anakweza Vladimir Komarov. Phiko limodzi lokolera mphamvu ya dzuwa linakana kutambasuka, iye analimbana nacho chombocho tsiku lonse mpaka anachilozetsa kwawo, koma potsika parachuti yaikulu sinatuluke ndipo yothandizira inakolana. Anafa pa 24 Epulo. Mayeso anachitika, inde, koma amene anali ndi mphamvu sanafune kumva zimene mayesowo ananena. Kwa ine imfa ya Komarov ndi ya anthu a mu Vipya ndi mlandu umodzi.

Maroketi a kuseri kwa nyanja ya Tanganyika

Ambiri timayesa kuti zonsezi zinkachitikira kutali ndi Afirika. Ayi ndithu. Dziko la France linkaponyera maroketi ake ku Hammaguir m'chipululu cha Algeria, kumene mphaka wotchedwa Félicette anakwezedwa pa 18 Okutobala 1963 nkubwerako wamoyo, ndiponso kumene setilaiti yawo yoyamba inanyamukira mu Novembala 1965. Anthu a ku Italy anamanga nsanja panyanja kufupi ndi Malindi ku Kenya, ndipo pa 12 Disembala 1970 panachoka setilaiti imene inatchedwa Uhuru polemekeza tsiku la ufulu wa dzikolo. Chimene chinkawakoka n'chakuti pakatikati pa dziko lapansi, pamzere wa ikweta, nthaka imazungulira ndi liwiro la makilomita oposa 1,600 pa ola kulowera kum'mawa. Roketi yonyamukira kufupi ndi pamenepo imalandira liwiro laulere.

Koma nkhani yoyandikira kwathu kuposa zonse inachitikira ku Zaire, kumene lero ndi Democratic Republic of Congo, m'chigawo cha Shaba, pa phiri lathyathyathya loyang'ana mtsinje wa Luvua, kumadzulo kwa nyanja ya Tanganyika. Mbalame itauluka molunjika kuchoka pa Uliwa, mtunda wake sungasiyane kwenikweni ndi wopita ku Nsanje. Katswiri wina wa ku Germany, Lutz Kayser, anayambitsa kampani yotchedwa OTRAG mu 1975, imodzi mwa makampani oyamba osakhala a boma kuyesa kupanga maroketi opita m'mlengalenga. Nzeru yake inali yochepetsa mtengo. M'malo mwa injini imodzi yaikulu yodula, iye ankamanga mtolo wa mapaipi achitsulo ofanana, lililonse lili ndi kainjini kake, mafuta ake palafini ndi asidi. Zotsekulira mafuta zinkayendetsedwa ndi timamota ta mawaipa a galimoto. Ukafuna roketi yaikulu, umangowonjezera mapaipi pamtolo.

Kwawo ku Germany kunalibe poponyera maroketi. Mobutu Sese Seko anamubwereka dera la masikweya kilomita pafupifupi 100,000, lalikulu kuposa nthaka yonse ya Malawi tikachotsako nyanja, ndipo anapatsa kampaniyo mphamvu zambiri pa deralo. Pa 17 Meyi 1977 roketi yoyamba, ya mapaipi anayi, inakwera bwino. Yachiwiri inatsatira mu Meyi 1978. Pa 5 Juni 1978 Mobutu anabwera yekha ndi alendo ake kudzaonerera yachitatu. Inanyamuka, inapendekera mbali imodzi, inakhota nkukagwera kuchigwa. Makamera anajambula zonse. Apo n'kuti dziko la Soviet Union ndi mayiko ena oyandikana ndi Zaire akudandaula kale kuti Ajeremani akupanga zida zankhondo pakati pa Afirika. Mu 1979 Mobutu anathetsa mgwirizano, OTRAG inasamukira ku Libya, ndipo pofika 1987 inali itatha.

Kugwa kwa roketi ija ine sikumandidetsa nkhawa, chifukwa inali yoyesa ndipo zoyesa zimagwa. Chimene chimandiwawa ndi china. Dera lalikulu chotere silingakhale lopanda midzi, minda ndi manda a makolo. Roketi yopanda munthu m'kati imakhalabe ndi anthu pansi pake, ndipo anthu amenewo sindiwo anasaina pangano. Kampani itachoka, nzeru zonse zinachoka nayo. Afirika anapereka bwalo, eni masewero anapita ndi mpira wawo.

Mphunzitsi wa ku Lusaka amene dziko linamuseka

Zaka zingapo OTRAG isanabwere, mnansi wathu wina anali atakana kale kuti Afirika akhale bwalo chabe. Edward Makuka Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa Northern Rhodesia, anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anaphunzitsa sayansi, ndipo anamangidwapo ndi atsamunda chifukwa cholimbikitsa ufulu. Mu 1960 anakhazikitsa bungwe lotchedwa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Pa famu ina yosiyidwa, makilomita pafupifupi 11 kuchoka mu Lusaka, ankaphunzitsa achinyamata kukonzekera ulendo wa ku mwezi ndi ku Mars. Ankawalowetsa mu mgolo wa malita 200 nkuugubuduza pachitunda kuti azolowere kuzunguzika, ankawakweza pa katungwe wa tayala kuti alawe kupepuka kwa thupi. Chombo chake anachitcha D-Kalu 1 polemekeza Kenneth Kaunda, ndipo ankafuna chinyamuke pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu wa Zambia. Oyenera kukwera ulendo waukulu anali mtsikana wina wachichepere ndi amphaka awiri. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO. Sanalandire kanthu, boma silinamulole kuponya chombo pa chikondwererocho, ndipo ophunzira ake anabalalika.

Atolankhani akunja anabwera kudzajambula mgolo uja kuti kwawo akaseke. Ena amene afufuza moyo wake, monga mlembi wa ku Zambia Namwali Serpell, afunsapo ngati mkuluyu sankawaseka iwowo, kapena ngati masewerowo sankaphimba ntchito ina, poti pambuyo pake anathandiza omenyera ufulu a mayiko oyandikana nawo amene ankakhala mu Lusaka. Anapeza digiri ya zamalamulo pa University of Zambia mu 1983, nkumwalira mu 1989.

Tinene chilungamo, D-Kalu 1 sichikanafika kulikonse. Nkoloso anayambira kumapeto, anakonza okwera asanakhale ndi injini yoti ayese, ndipo ndi mwayi kuti palibe mwana amene anaikidwa pamwamba pa moto. Koma ndikaika nkhani yake pambali pa ulendo wa masentimita 10 uja, ndimaona kuti kusiyana kwake sikunali kwa nzeru zobadwa nazo. Aku Cape Canaveral atalephera anali ndi roketi ina yodikira, ndalama za boma ndi mwezi umodzi wokonzera. Nkoloso analibe mwayi wolephera kachiwiri. Dziko limene lilibe chuma cholipirira zolephera za ana ake limangogula zopangidwa kale, ndipo zilema zake limazidziwira panjira, anthu ali m'kati.

Kuno kwathu mwayi wotere wayamba kuoneka, ngakhale kuti si wa maroketi. Mu Malichi 2016 boma ndi UNICEF anayesa kandege kopanda woyendetsa m'kati, kamene ambiri tsopano timati droni, pakati pa chipatala chaching'ono ndi Kamuzu Central Hospital mu Lilongwe. Cholinga chinali kuona ngati kangafulumizitse magazi a makanda oyezedwa HIV, amene pamsewu ankatenga masiku ambiri kuti akafike kolabu. Pa maulendo oyesawo sanaikemo magazi enieni a mwana aliyense, anaikamo zongofanizira. Ndi nzeru ija ya Ivan Ivanovich, ndi nzeru ija ya mmisiri wa bwato. Mu Juni 2017 anatsekula dera loyesera madroni ku Kasungu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchoka pa bwalo la ndege, loyamba la mtundu wake mu Afirika pa ntchito zothandiza anthu. Asanaulutse kanthu ankayamba akhala pansi ndi mafumu ndi anthu awo, chifukwa kwathu kuno chinthu chouluka chopanda woyendetsa chili ndi dzina lina loopsa, ndipo munthu sitingamuimbe mlandu pochita mantha ndi chimene sanauzidwe. Ku Shaba kunasowa zimenezi.

Chimene chinandisangalatsa koposa chinachitika mu Novembala 2017. Ophunzira a Chimalawi, mothandizidwa ndi aphunzitsi a ku Virginia Tech, anapanga okha kandege kotchedwa EcoSoar ndi zipangizo zotsika mtengo, ndipo kanauluka kokha makilomita 19 kuchoka pa chipatala cha Gogode kukafika pa bwalo la ndege la Kasungu. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsekulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, imene imagwira ntchito limodzi ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Apa ndiye pali kusiyana ndi OTRAG, chifukwa alendo akapita, manja odziwa kumanga ndi kukonza amatsala konkuno.

Anthu a Uliwa ndi Chilumba sali alendo pa nkhani ya kuyesa mosamala. Kuyambira 1979 pa Chilumba pakhala kafukufuku wa zaumoyo amene anayamba ndi matenda a khate, wodziwika ndi dzina loti Karonga Prevention Study, amene lero ali pansi pa bungwe la MEIRU. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 a boma la Karonga analowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG. Zotsatira zake zinatenga zaka kuti zidziwike, ndipo zinasonyeza kuti kubayanso katemerayu kachiwiri kumawonjezera chitetezo ku khate koma osati ku chifuwa chachikulu. Theka la yankholo linali lokhumudwitsa, koma linalembedwa momwemo, ndipo madokotala a padziko lonse anaphunzirapo. Agogo ambiri amene lero akugulitsa mpunga wa ku Hara ndi ufa wa kondowole pamsika wa Uliwa anapereka mkono wawo pa ntchito imeneyo. Adzukulu awo ali ndi ufulu wonse wokhala mbali ya ofunsa mafunso, osangokhala mbali ya oyezedwa.

Ngakhale mayiko olemera sanasiye mwambo woyesa chombo chopanda munthu poyamba. Roketi ya Saturn V, yotalika mamita 111, inauluka kawiri yopanda munthu, mu Novembala 1967 ndi mu Epulo 1968, ndipo ulendo wachiwiriwo unaulula kunjenjemera koopsa ndi mainjini ozima msanga, zimene anakonza asanakweze anthu mu Disembala 1968. Mu Novembala 2022 chombo cha Orion chinapita kukazungulira mwezi chitanyamula zidole zokhazokha, ndipo chitabwerako anapeza kuti chishango chake choteteza ku kutentha chinanyotsoka mosayembekezereka. Anachedwetsa ulendo wa anthu kuti amvetse chifukwa chake. Zaka zoposa 60 chichitikireni cha Gagarin, akuyesabe chopanda munthu poyamba.

Ife nanga? Boti latsopano likafika pagombe, ndani amaliyesa lisanayambe kunyamula anthu ndi matumba a usipa kupita kumadoko opanda msewu? Minibasi ikachoka kugalaja itakonzedwa mabuleki, kodi imayamba yayenda yopanda anthu isanatsike phiri la Chiweta? Ndaonapo ndi maso anga mwana wa sekondale atapanga kagalimoto koyendera batire pa chionetsero cha sayansi, kakukana kuyenda alendo atafika, anzake nkumuwowoza, ndipo palibe wamkulu amene anagwada naye pansi kufunafuna waya wolakwika. Chaka chotsatira mwanayo sanapangenso kanthu. Tinataya katswiri tsiku limenelo chifukwa cha ulendo wake wa masentimita 10.

Aphunzitsi a sayansi a m'sukulu za Uliwa, Chilumba, Nyungwe ndi Chitimba, roketi yoyamba ya ana anu siifuna mapaundi 7 miliyoni. Botolo lapulasitiki la malita awiri, madzi pang'ono ndi pampu ya njinga zimakwanira kuiponya kupitirira mtengo wa mango, ndipo lamulo loikankha ndi lomwe linkakankha Redstone: madzi akathamangira pansi, botolo limathamangira kumwamba. Idzapendekeka, idzagwa chammbali, idzanyowetsa woipopa. Apatseni kope alembemo kuti anathira madzi ochuluka bwanji, anapopa kangati, inagwera pati, kenako ayesenso.

Ndipo inu makolo amene muli kufupi ndi nyanja, pa 30 Julayi tengani ana mupite nawo pagombe. Alozereni cha ku Chitimba, muwauze za Vipya ndi anthu 145 aja. Musafulumire kubwerera kunyumba. Dikirani dzuwa lilowe, papite ngati ola limodzi, ndiye muyang'ane kumwamba pamodzi nawo. Setilaiti idzadutsa.